Nkhope Yocheuka ya a Yewoyewo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anandikhazika pakhonde kwathu ku Mchengautuwa, nandipatsa labala watsopano kuti ndifufute nkhope ya mng'ono wawo. Sinali nkhope imodzi ayi. Zinali zambirimbiri, zodzaza masamba akumapeto a kope langa la masamu, pomwe masamba akutsogolo anali ofiira ndi bolopeni ya aphunzitsi.

Bambo anali kalaliki ku ofesi ina ya boma. Kwathu kwenikweni ndi ku Nkhata Bay, ndipo iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimene chinawatsitsa m'bwato n'kuwaveka tayi ndi sukulu basi. Mwana wojambulajambula kwa iwo anali mwana wobwerera m'bwato.

"Temwa, iyi ndi Mathematics?" anandifunsa atatambasula kopelo.

"Yayi, adada."

"Fufuta. Zonse."

Mwini nkhopeyo anali bambo aang'ono, amene ankapalasa njinga ya kabaza, zija ku Mzuzu timati sakaramento. Dzina lawo la ubatizo ankalidziwa ndi a kutchalitchi okha. Tauni yonse inkawatchula kuti a Yewoyewo, chifukwa ankathokoza kawiri pa chilichonse, ngakhale munthu akawatukwana. M'mawa uliwonse ankanditenga pakaliyala kupita nane kusukulu, nkhungu ili tolo, zala zanga zitauma ndi chisanu. Anali ndi vuto limodzi: sankatha kulankhula ndi munthu osamuyang'ana. Choncho njinga ili pa liwiro, iwo ankacheukira kuphewa lakumanzere, chipewa chaubweya chitaphimba khutu limodzi, kampata ka m'mano kakuonekera, n'kumandifunsa za kusukulu. Chipsera cha pamwamba pa diso anachipeza mwa njira yomweyo, tsiku lina atagwera mu ngalande ali mkati mouza munthu nkhani.

Ine nkhope yawo ndinkaidziwa choncho, yocheuka. Ndipo zithunzi zanga zonse zinali zocheuka.

Ndili mkati mofufuta, misozi ikudonthera papepala, eni ake anafika ndi njinga yawo. Anasuzumira m'kopemo n'kuseka chikhakhali.

"Akulu, musiyeko chimodzi. Ine chithunzi ndilibe."

"Ukajambulitse ku situdiyo ngati anthu ena onse," anatero bambo. "Mwanayu usandiwonongere."

"Yewo, yewo," anayankha bambo aang'ono, akunditsinzinira diso.

Ndinafufuta zonse mpaka labala anatsala kachidutswa. Ndinene zoona, ndinawasungira bambo chakukhosi. Ndinalumbira mumtima kuti sindidzajambulanso, osati chifukwa chomvera, koma kuti tsiku lina adzamve chisoni. Mwana wamakani amalanga makolo podzimana yekha, ndipo ine pa makani ndinali katswiri.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho bambo aang'ono anadwala chibayo, ndipo pasanathe sabata ziwiri tinakawaika kumudzi. Ku situdiyo kuja sanapiteko. Anasiya mkazi wawo, mayi aang'ono a NyaLongwe, ndi kamwana ka zaka ziwiri, Wanangwa.

Chaka chotsatira banja linagwirizana zomanga chiliza. Monga mwa masiku ano, panafunika matisheti okhala ndi nkhope ya malemu oti tikavale pa mwambowo. Apa mpamene anthu anazindikira kuti munthu amene ananyamula theka la Mchengautuwa panjinga analibe chithunzi. Chimene chinapezeka chinali chimodzi, cha pa ukwati wa munthu wina, iwo ataima kumbuyo kwenikweni, mutu wawo waung'ono ngati nyemba. Nachonso chinyezi cha ku Mzuzu chinali chitachidya, chitachita chuku.

Bambo anachitenga kupita nacho kwa mnyamata wina wa makompyuta m'tauni. Loweruka masana anabwera ndi envelopu yayikulu, abale atasonkhana pabalaza. Ine ndinali pakhomo ndi beseni, kuyembekeza kusambitsa alendo m'manja. Anatulutsa chithunzicho monyadira. Munali bambo wina wosalala nkhope, wa suti yakuda ndi tayi yofiira, mano ogundana bwinobwino, maso ali patsogolo ngati akufunsira ntchito ku banki.

Abale anayamikira. "Chatowa chomene," anatero azakhali, kutanthauza kuti chakongola kwambiri.

Mayi aang'ono anachilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Alamu, uyu ndi ndani?"

Bambo analoza chithunzicho.

"Ndi mwamuna wanu, mulamu. Angomukonza pang'ono kuti aoneke mwaulemu."

"Mundikhululukire, alamu. Ine nkhope ya mwamuna wanga yayamba kundithawa. Ndikatseka maso ndimangoona chipewa. Ndiye mwana uyu ndizimuuza kuti adada ake ndi awa? Akule akulira munthu wachilendo?"

Bambo anapsa mtima, koma ndikuganiza kuti anali manyazi. Anati wodinda matisheti akufuna chithunzi Lolemba, ndipo china palibe. Nkhani inathera pomwepo.

Mawu a mayi aang'ono anandilasa. Ndinayesa kutseka maso nanenso, ndipo ndinachita mantha: nkhope ija inali itayamba kusungunuka ngakhale kwa ine. Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinafukula kope lakale lija m'katoni ya pansi pa bedi, n'kupita nalo kuseri kwa bafa. Masamba anali oyera. Koma nditawapendeketsa padzuwa ndinaona timizere. Ine pojambula ndinkadinda pensulo kwambiri, chizolowezi chimene aphunzitsi ankandikalipira nacho, ndipo labala anachotsa kuda kokha, tinjira ta pensulo tinatsala. Khutu linalipo. Mphuno inalipo. Mtima unagunda ngati ndaona munthu wamoyo.

Ndinang'amba tsamba la kalendala yakale, n'kuyamba kujambula kuseri kwake. Lumbiro langa lija ndinaliiwala. Lamulo la bambo sindinaliiwale, koma ndikafika posokonezeka ndinkayang'ana timizere tija n'kukumbukira kulira kwa tcheni ndi fungo la juzi yonyowa ndi mvula yamawawa. Chipsera ndinachiika. Kampata ka m'mano ndinakaika. Chipewa chija ndinachipendeketsa monga mwa nthawi zonse. Dzuwa lisanapendeke ndinathamangira kwa mayi aang'ono, amene ankakhala mizere itatu ya nyumba kuchokera kwathu.

Anali akuchapa. Ataona chithunzicho anakhala pansi pa dothi pomwepo, manja ali thovu lokhalokha, n'kundiuza kuti ndichigwire ndine kuti chisanyowe. Analira, kenako anaseka, kenako analiranso.

"Anandifunsira chonchi," anatero. "Ndili pakaliyala ndi thumba la chinangwa. Anacheuka chonchi."

Ndinawapempha kuti asanene kuti ndajambula ndine. Iwo anangopukuta manja, kumanga chitenje, kubereka Wanangwa, n'kundigwira dzanja mpaka kwathu.

Bambo anali pakhonde lomwe lija akuwerenga nyuzipepala. Mayi aang'ono atawapatsa chithunzicho, sanafunse kuti wajambula ndani. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Mulamu," anatero bambo, "mng'ono wanga anafika Fomu 2. Mukufuna anthu akamuone pa chiliza ndi chipewa cha kabaza, ngati munthu wopanda abale? Komanso chithunzi chanji choyang'ana kumbuyo?"

"Mako ndi mako, alamu, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinakwatiwa ndi wa chipewayo."

Bambo anali munthu wokonda umboni. Ngakhale ukanena kuti kunja kukugwa mvula, ankatulutsa dzanja pawindo. Anapinda nyuzipepala n'kunena kuti nkhaniyi aiweruze ndi anthu amene si abale. Anatenga zithunzi zonse ziwiri, ndipo tinawatsatira mpaka pa siteji pomwe a sakaramento ankadikirira anthu, pafupi ndi msika.

Panali anyamata ndi azibambo oposa khumi atatsamira njinga zawo. Atapatsana moni, bambo anatulutsa cha suti chija.

"Mukumudziwa uyu?"

Anachizungulira, kupatsirana. Mmodzi wachikulire, amene anali wapampando wawo, anakanda mutu. "Bwana, ndi abusa a mpingo uti? Kapena akuima nawo pa chisankho?"

Mayi aang'ono anabisa nkhope m'chitenje. Bambo sanaseke. Anatambasula tsamba la kalendala lija.

Sindidzaiwala phokoso limene linatsatira. "Yewoyewo! Ndi Yewoyewo uyu!" Wina anaponya chipewa m'mwamba. Wina anagwira pakamwa. Amayi ogulitsa nthochi anasiya malonda n'kuthamangira pomwepo, mmodzi akufuula kuti, "Nadi ndi iyeyu, ankacheuka chonchi, ine n'kumakuwa kuti yang'ana kutsogolo utipha!" Wapampando uja anavula chipewa chake, maso ali ofiira, n'kuliza belu la njinga yake. Anzake onse anatsatira. Mabelu analira pa siteji ponse mpaka anthu a mumsika anatuluka kudzaona chimene chachitika.

"Wajambula ndi ndani, bwana?" anafunsa wapampandoyo.

Ine ndinali nditabisala kumbuyo kwa mayi aang'ono. Bambo anatembenuka, kundifunafuna ndi maso, n'kundikoka paphewa kundiimika kutsogolo.

"Mwana wanga," anatero. "First born."

Anandikweza pakaliyala ya wapampando n'kundizungulitsa siteji katatu, mabelu akulira, ine ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ndalandirapo ulemu m'malo ena kuchokera nthawi imeneyo, koma wonga umenewo sindinauonenso.

Titabwerera kunyumba bambo anakhala pansi pakhonde, chithunzi chili pamaondo, chala chawo chikuyenda pa chipsera chija. Ndinawamva akunena chapansipansi, osati kwa ine, "Anandipempha kuti ndisiyeko chimodzi." Aka kanali koyamba kuona bambo anga akulira. Chisoni chimene ndinkawafunira chija chinafika, ndipo sindinakondwere nacho ngakhale pang'ono.

Matisheti anadindidwa ndi nkhope yocheuka. Tsiku la chiliza a sakaramento anatsetsereka ndi njinga zawo kuchokera ku Mzuzu mpaka kumudzi, ali pamzere, ndipo anali atapempha kuti matisheti awo awadinde kumsana, kuti aliyense wokwera pakaliyala azionana ndi Yewoyewo monga kale.

Lolemba lotsatira bambo pobwera kuntchito anandiitana. Anaika patebulo mapensulo anayi ndi buku la mapepala oyera opanda mizere. Kupepesa ndi pakamwa silinali khalidwe lawo.

"Masamu ukhoze," anatero. "Izi ndi za Loweruka." Ananyamuka, nafika pakhomo la kuchipinda, kenako anacheuka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti amafanana ndi mng'ono wawo. "Labala sindinagule."

Lero ndili ndi kachipinda kanga kojambulira ku Katoto, ndipo ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa. Masamu ndinakhoza, mwapang'ono. Tsamba la kalendala lija lili m'felemu kunyumba kwa Wanangwa, amene tsopano ndi bambo wa ana awiri ndipo naye ali ndi kampata m'mano. Anthu amabwera kwa ine ndi zithunzi za abale awo n'kumandipempha kuti ndichotse chipsera, ndiwongole mphuno, ndiwaveke suti. Ndimawakhazika pansi n'kuwafunsa kaye kuti munthuyo ankawayang'ana bwanji. Ndinaphunzira pa siteji paja kuti munthu sitimukumbukira ndi kukongola kwake, timamukumbukira ndi pamene tinkaima pomuona. Ambiri akamaliza kundifotokozera, za suti zija sazitchulanso.