Galimoto ya malemu achimwene yafera pa makina

Salaam nonse, nkhani si yabwino.

Lero ndinaperekeza m'bale wathu Yusufu ku galaja ku Ginnery Corner kukachunitsa injini ya galimoto ya liwiro ija anasiya malemu achimwene. Amakaniko anasintha oyilo ndi mapulagi, kenako anafunsa, "Petulo ali mu thankimu ndi wa pa pampu?" Yusufu anavomera, chonsecho anagula wa m'zigubu ku Limbe.

Amakaniko ataimangirira galimotoyo pa makina oyesera mphamvu n'kuponda mafuta, injini inagogoda kawiri, utsi unangoti tolo, basi zii. Galaja yonse inanunkha palafini. Akuti injiniyo yatheratu.

Tasibihi ya achimwene, mikanda yopempherera ija, inali ikugwederabe pa galasi.

Alamu, akazi a malemuwo, ku Soche asesa pokhala galimotoyo, akudikira kuimvanso ikulira pa geti ngati kale. Abale, ndikawauze chiyani?