Madisiki a Alamu Anga a Isaki

Alamu anga a Isaki anali munthu wosauzidwa. Mtima wabwino, inde, koma makani! Anakwatira achemwali anga a Eluby n'kudzakhala kwathu kuno kuseri kwa Domasi Mishoni, kutali ndithu ndi msewu wa tala. Kale ankayendetsa lole ku Limbe, ndipo atasiya ntchito mu 1991 anabwera ndi pikiapu yakale yoyera. M'mudzi monse galimoto inali yomweyo. Wolumidwa ndi njoka, mwana wokomoka ndi malungo, maliro, onsewo ankawanyamula ndi a Isaki. Sindinawamvepo akukana munthu.

Koma galimotoyo kuigwira makaniko? Ayi ndithu. "Akugalaja amamanga chimodzi n'kumasula ziwiri," ankatero. Loweruka lililonse ankagona kunsi kwake, kumangooneka mapazi, ine n'kumawaseka kuti, "Alamu, mkazi wachiwiriyu abusa akumudziwa?"

Mu Ogasiti 1996 mabuleki anayamba kulira, chiwongolero chikunjenjemera pamtsetse. Madisiki akutsogolo, zitsulo zozungulira zimene mabuleki amapana, anali atadyeka. A Isaki anayeza kukula kwake ndi luzi, n'kupatsa luzilo Julius, kondakitala wa minibasi, kuti akawagulire ena ku Limbe. Mabowo a mabawuti sanawerenge. Munthu wodziwa galimoto chonchija!

Katundu anafika Lachinayi atakulungidwa m'nyuzipepala. M'malo moti ayambe amasula n'kuona, anangomuika pakhonde. Anakweza galimoto pajeke, kuikhazika pamiyala, kuchotsa matayala. Disiki yakumanzere inali itagwirana ndi dzimbiri. Anaimenya ndi hamala kamodzi, kawiri, kachitatu inangoti phwa! pawiri. "Inali yotaya kale," anatero akuseka. Atamasula nyuzipepala ija kuseka kunatha. Atsopanowo anali a mabowo asanu, pomwe galimoto yawo inkafuna asanu ndi limodzi.

Julius anabwerera nawo Lachisanu kuti akasinthe. Loweruka m'mawa achemwali, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, anayamba kutaya magazi akuanika mphale. Ndinathamanga ndikukuwa, "Alamu, galimoto!" Ndinali nditaiwala, mayo ine. Anatuluka, anayang'ana pikiapu ili pamiyala, anandiyang'ana ine. Kenako anatola zidutswa ziwiri zija n'kumaziphatikiza ndi manja, ngati zigwirana. Ndinawalalatira mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Tinawanyamula achemwali pamachira a nsungwi ndi bulangete. Amuna ankalandirana, koma a Isaki anakana kulandiridwa mpaka pamsewu. Pamenepo tinadikira, kudikira, mpaka lole ya matabwa inatiimira. Achemwali anatisiya tisanalowe pachipata cha chipatala ku Malosa, mutu wawo uli pamiyendo panga. Mwana nayenso sanapulumuke.

Madisiki oyenera anafika Lachitatu, maliro titaika kale. Julius anangowasiya pakhonde n'kubwerera, osakhala ndi pansi pomwe. Ine ndinali ndisanalankhule ndi alamu chichokereni kumanda. Ndinene zoona, ndinkadana nawo.

Masana a tsiku lomwelo ndinamva sipanala ikulira. Nditasuzumira ndinawaona atakhala padothi, akupukuta zitsulo zija ndi kansanza ka petulo. Anamanga mabawuti modumphitsa, ili kenako lapatsidya, monga ankachitira nthawi zonse. Anabwezera matayala, anachotsa miyala, anatsitsa jeke. Analowa n'kupopa buleki mpaka inalimba. Injini sanalize.

Nditaona kuti sakutuluka ndinapita pawindo. Anali atagwira chiwongolero ndi manja onse, misozi ikugwera pamalaya.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "alowa bwinobwino. Ntchito yonseyi ndi ya ola limodzi lokha."

Ndinazungulira, ndinatsegula chitseko chinacho, ndinakhala pambali pawo. Tinalira.