Kapu ya buluu ya Esinati

Ndinaganiza zopita ku Joni patatha chaka chimwalirire mkazi wanga. Sindinafunse munthu. Ndinapemphera masiku asanu ndi anayi, ndipo tsiku lakhumi ndinagulitsa njinga.

Chondichotsa pakhomo chinali matenda a khunyu a mwana wanga Esinati. Kuchipatala anamusinthira mankhwala katatu, koma ankagwabe sabata iliyonse. Nthawi zonse zinkayambira kudzanja lamanja. Chala chachikulu chinkanjenjemera, iye n'kunena kuti akumva fungo la chinthu chopserera, kenako n'kugwa. Ulimi wa mtedza sukanandifikitsa kwa madokotala akuluakulu. Ndinakamusiya m'tauni, ku Kapata, kwa alamu anga, Amake Joyisi, mng'ono wa malemu mkazi wanga, amene amagulitsa mtedza pamsika. M'chikwama cha mwanayo ndinaikamo kapu yake ya buluu.

Kapuyo ndiyenera kuifotokoza. Kwathu timakula tikumva kuti malovu a munthu wakhunyu amapatsira matendawo. Mayi ake a Esinati ankakana zimenezi, koma iwo atamwalira ine ndinagula kapuyo n'kuikoleka pamsomali payokha. Sindinanene chifukwa. Esinati sanafunse.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma. Ndinkakhala m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo masiku ena munthu yekha amene ndinkalankhula naye anali Mulungu. Lamlungu ndinkamva Misa m'chilankhulo chachilendo, ndikuyankha m'Chinyanja chamumtima. Ndikatumiza ndalama, alamu ankalemba mwachidule: "Zafika. Wagwa kawiri. Akudya bwino." Nthawi zina ndinkati mwina atopa naye, koma ndinkadziletsa kuweruza munthu amene anandinyamulira mtolo.

Mayi uja anali ndi mwana wamwamuna wamkulu ndithu, dzina lake Danieli. Tsiku lina masana Danieli anakhala pansi pa udzu mwadzidzidzi, tsaya likukoka. Ndinazizindikira nthawi yomweyo. Mayi ake anamugoneka chammbali n'kudikira. Atatsitsimuka anamwa madzi, ndipo otsalawo mayi ake anamwa pa tambula yomweyo. Ine ndinangoima ndi paipi m'manja, madzi akutayika.

Mawa lake Danieli anandionetsa kachipsera m'tsitsi ndi kena pachifuwa. Anati madokotala a kutsidya kwa nyanja anapeza malo amodzi mu ubongo pamene matendawo amayambira. Sanaboole chigaza. Analowetsa kachinthu kopyapyala pansi pa khungu la mutu, pamwamba pa malowo, ndi kabatire pachifuwa kotumiza timagetsi tochepa tokhazika malowo mtima pansi.

"Sindinachire, bambo Zulu," anatero, atagwira dzanja langa kuti ndikhudze. "Koma kale ndinkagwa sabata ndi sabata. Tsopano mwezi umatha."

Ndinatamanda Mulungu amene amapatsa anthu nzeru yotere, yopeza pamene pali vuto m'mutu mwa munthu n'kugogodapo mofatsa, osathyola chitseko. Mpaka lero ndikakumbukira ndimazizwa.

Mayi uja anandifunsira kwa dokotala wawo za Esinati. Yankho linali losabisa. Kuyambira kudzanja limodzi kungasonyeze malo amodzi mu ubongo, koma pafunika kuyeza kaye, ndipo si onse amene kachipangizoko kamawathandiza. Mtengo wake, ngakhale nditathirira maluwa mpaka ukalamba, sindingaufike. Dokotalayo anati poyambira ndi kujambula pa foni mmene kugwako kumayambira, n'kukaonetsa dokotala wa ubongo ku Lusaka. Ndinalembera alamu uthenga wautali. Anayankha liwu limodzi: "Tamva."

Ndinabwerera patatha zaka zinayi, wopanda kachipangizo, ndili ndi manyazi ochuluka kuposa katundu. Basi inandisiya m'tauni m'mawa, ndipo ndinalunjika kumsika. Ndinapeza Esinati akuyeza mtedza pa benchi, atanenepa, akutsutsana ndi wogula. Tisanamalize moni ndinaona chala chija chikuyamba.

"Amake Joyisi, mwana wathu," anaitana mayi wogulitsa tomato, osakweza mawu.

Palibe anathawa. Wina anasuntha mbaula, wina anapinda chitenje n'kuika pansi pa mutu wake, wa tomato uja anamugoneka chammbali. Palibe anamuika supuni m'kamwa. Alamu anali akujambula pa foni. Ine ndekha, bambo wake, ndi amene ndinalibe chochita.

"Munaziphunzira kuti zimenezi?" ndinafunsa zitatha.

"Anesi anationetsa kamodzi. Zina watiphunzitsa mwanayu yekha," anatero alamu. "Ku Lusaka atipatsa tsiku mwezi wamawa. Mumayesa ndalama zanu ndimadyera zitumbuwa, alamu?"

Kenako anatunga madzi m'chigubu, ndipo ndinaiona kapu ya buluu ija, itafwifwa. Esinati anamwa. Wa tomato anailandira n'kumwa, alamu nawonso anamwa.

"Tsiku loyamba mwanayu anaikoleka payokha," anatero alamu, akundiyang'ana. "Ndinati kuno misomali ndi ya zovala."

Ndinapita kutali n'kukaona nzeru za madokotala, ndipo ndimazilemekeza. Mwina tsiku lina zidzafika kuno, mwina Esinati adzakhala mmodzi wa oyenera. Koma chimene ndinaima nacho kukamwa kuli yasa pa udzu wa ku Joni, amayi a pamsika wa Kapata anali akuchita zaka zonse zimene ine kunalibe.

Esinati anadzazanso kapuyo, n'kuima nayo, maso pansi.

"Atate, mwayenda ulendo wautali. Nditsuke kaye?"

"Iyayi, mayi," ndinatero. "Bwera nayo choncho."

Ndinamwa onse.