Ndani Athire Shuga wa Atate?

Loweruka lapitali atate anabwera kwathu kuno ku Petauke. Anapalasa njinga kuchokera ku Kalindawalo, kathumba ka mtedza atakamangirira kumbuyo. Aka kanali koyamba kubwera okha chimwalirire amai chaka chatha. Kale ankabwera awiri, ndipo amai akangofika ankalowa m'khitchini ngati nyumbayo anamanga ndi iwo, n'kumuuza mkazi wanga kuti akapume.

Tsono tsikuli khitchini inali ya mwini wake. Mkazi wanga, amake Misozi, anatulutsa makapu amene amakhala m'kabati kudikira alendo, omwe ine mwini nyumba ndimangowaonera pagalasi. Anabwera ndi thireyi: tiyi m'ketulo, mkaka m'kajagi, shuga m'kambale, supuni pambali, ndi mbatata yophika. Anagwada, kuika patebulo, kuwomba m'manja, n'kubwerera kukhitchini, poti mpongozi sakhalira apongozi ake pamaso akamadya.

Ine ndinathira tiyi m'makapu onse awiri, kuthira shuga m'kapu mwanga, n'kumatakasa kwinaku tikukamba za mtengo wa thonje. Atate anamwa kamodzi n'kuika kapu pansi. Anati watentha. Mbatata anadya youma choncho, osatsitsira. Patapita kanthawi anati dzuwa likukwera, ulendo ndi wautali, ndipo sanadikire n'chakudya chamasana chomwe.

Mwaonapo cholakwika pamenepa? Ine sindinachione.

Lolemba m'mawa foni inalira. Anali mlongo wanga Zelipa, amene amagulitsa zovala zakale za salaula kumsika. Ngakhale moni sanapereke.

“Alongosi, mwawachita chani atata?”

Anandiuza kuti atate atachoka kwathu anakhotera kwa iye, anamwa makapu awiri a tiyi, ndipo potsanzika ananena kuti kuyambira tsopano akabwera ku boma azifikira kumeneko. Za kwathu anangoti anawapatsa tiyi wopanda shuga. Zelipa, amene nkhani siimugonera pakamwa, anali atawonjezera kale zake: ati mlamu wake akufuna atate asiye kubwera, amai anali chitseko, chitseko chagwa.

Ndinamuuza kuti shuga analipo, mbale yodzaza, pafupi ndi dzanja lawo. Iye anandiseka ngati ndanena zaumwana. Anandifunsa kuti kodi ndinakulira kuti. Anati kwathu kumudzi tiyi amaphikidwa yense pamoto, masamba, mkaka ndi shuga limodzi, ndipo mlendo amalandira kapu yoti angomwa. Kumuikira munthu wamkulu mbale ya shuga n'kumuika pamayeso. Akathira wambiri, ana akuona, mawa azikamunena kuti agogo ndi osusuka. Akathira pang'ono, tiyi samweka. Komanso wodzithirira shuga ndi kasitomala wa m'lesitilanti, amene akamaliza amafunsa mtengo.

Zinandimveka. Ndinakula ndi tiyi ameneyo, ndipo ndikatseka maso ndimakumbukira kukoma kwake.

Madzulo ndinawafotokozera amake Misozi. Ndinkaganiza kuti angoti pepani, nkhani ithe. Anakhala pansi n'kuyamba kulira, ndipo chinali chisoni chenicheni. Iwo anakulira ku Nyimba, m'nyumba ya mphunzitsi, ndipo kwawoko shuga wa m'ketulo amamutcha kuumira. Mayi amene amathiriratu shuga kukhitchini ndi amene akuopa kuti alendo amuthera. Kumuyezera munthu shuga ndi zochitira mwana. Mlendo wolemekezeka umamuikira mbale yonse, atenge mmene mtima wake wafunira.

“Nenze nawapatsa mbale yonse, atate ake Misozi. Manje kupatsa munthu vonse ndiye kumumana?”

Zimenezinso zinandimveka. Ndakhala ndikumwa tiyi wotereyu chikwatirire, ndipo palibe tsiku limene ndinadzimva kasitomala.

Ndiye ndinagona ndi mfundo ziwiri, zonse zoona, zonse zaulemu, koma atate anga atachoka ndi njala.

Kuntchito ndinati ndifunse anzanga, poti mutu umodzi susenza denga. Ndinalakwitsa. A Lungu anati shuga ayenera kupsa pamodzi ndi masamba, wothira pambuyo amangokhala pansi pa kapu ngati mchenga. Amai Daka anati zimenezo n'zakale, koma asanamalize anasiya nkhani ya shuga n'kuyamba kunyoza tiyi wa timatumba ta kachingwe, ati kumeneko si kuphika tiyi koma kuchapa masamba. Mnyamata wina wa ku Ndake analowererapo ndi funso loti kodi munthu wamkulu amanyika buledi m'tiyi pamaso pa anthu. Apa ofesi inagawikana pakati. A Lungu, amene amanyika, anaimirira. Pofika nthawi yoweruka anthu anali pa mbatata, ena ati yotendera nsinjiro ndiyo yopita ndi tiyi, ena ati nsinjiro ndi tiyi sizionana, ndipo za atate anga aliyense anali ataziiwala.

Kodi mwazindikira kuti pa zakudya palibe amene amanena kuti “ine ndimakonda chakuti”? Aliyense amati “amaphika chonchi.” Ndani amaphika choncho? Amake. Munthu angavomere kuti analakwitsa chipani, kapena kuti mbewu imene anabzala chaka chino inamunamiza, koma sangavomere kuti amake ankalakwitsa tiyi.

Chimene chikundisokoneza n'chakuti malamulo athuwa sakhala malo amodzi. Pamaliro tiyi amaphikidwa mu m'phika waukulu, shuga n'kukhuthuliramo, ndipo aphunzitsi, abusa ndi eni mathireyi onse amamwa osadandaula kuti awayezera. Anthu omwewo akabwerera kunyumba, shuga wa m'ketulo asanduka chipongwe. Nawonso a kumudzi, akaima pa Nyimba podikira basi, amadzithirira okha shuga m'lesitilanti mpaka supuni kuima, osaopa diso la munthu. Ndiye ulemuwo uli m'ketulo, m'mbale, kapena pakhomo pamene wakhala? Ine ndafunsa mpaka mutu kuwawa.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga moto ukabuka m'dambo momwemo, timathamangira kuti?

Lachinayi ndinapempha tchuthi n'kukwera njinga yamoto kupita ku Kalindawalo. Ndinawapeza atate pakhonde akutola zinyalala m'thonje. Anandilandira bwino, kufunsa za adzukulu awo, kufunsa za amake Misozi, osaonetsa chilichonse. Ndinayamba kufotokoza za mwambo wa ku Nyimba, mmene mbale yonse ilili ulemu, mmene mpongozi wawo analirira. Ndinalankhula nthawi yaitali, monga amachitira munthu amene sakudziwa chimene akupepesa.

Atate anamvetsera mpaka ndinatha. Kenako anati iwo sanakwiye ndi mwana wa eni, ndipo za chitseko chakugwa n'za Zelipa, iwo sananene. Anati tiyi wa Zelipayo nayenso sanali bwino, anachita kutsekemera mpaka kuwawa pakhosi, koma anamwa chifukwa munthu anali atawaganizira. Anapitiriza kulankhula, manja ali m'thonje.

“Mbale ija ninaiona, sipuni ninaiona. Lomba nithile bwanji, mwana wanga? Ine siniziŵa kuti nikumwa masipuni angati. Amako ndiye anali kuziŵa.”

Anandiuza kuti chikwatirire sanagwirepo supuni ya shuga. Ngakhale masiku aja ankabwera kwathu, amai ndiwo ankatuluka m'khitchini ndi kapu yawo itathiridwa kale, ife ena tikudzithirira, ndipo ine zaka zonsezi sindinaone. Chiikire maliro, pakhomopo tiyi sanaphikidwepo. Ketulo ili pamwamba pa kabati, m'kati muli misomali. Loweruka lija anapalasa njinga mtunda wonse uja akuganiza kuti kwa mwana wawo akamwako tiyi, ndipo atakhala patebulo anachita manyazi kufunsa mwana wobala okha kuti awathirire.

Ndinamva chisoni, ndipo ndinadzikwiyira. Ndinali pomwepo, supuni ili m'dzanja langa, ndikukamba za thonje.

Ndinawapempha kuti abwerenso. Sanakane, sanavomere. Anati Loweruka likudzali ali ndi zokagula ku boma, aona mmene dzuwa likhalire. Amene mumawadziwa akuluakulu a kwathu mukudziwa kuti yankho limeneli lingathe kufikira pakhomo panga kapena pa Zelipa.

Nditabwerera ndinawauza amake Misozi zonse. Sanalirenso. Anati za ku Nyimba zikhale ku Nyimba, atate akabwera thireyi siituluka, adzawaphikira okha kapu yawo n'kuwapatsa m'manja. Ndinapuma, ndikuganiza kuti tafika. Kenako anandifunsa kuti adzathire shuga wochuluka bwanji.

Ndinati sindikudziwa. Ndinamuimbira Zelipa, iye anati amangopendeka pepala la shuga mpaka mtima umuuze, ndipo tamva kale kumene mtima wakewo unawafikitsa atate. Ndinafunsa azakhali, anati mchimwene wawo ali mwana ankanyambita shuga m'manja, koma za ukulu wake akafunse mkazi wake. Atanena anazindikira zimene anenazo, n'kudula foni.

Tsono Loweruka likubwera. Amake Misozi akuti adzayamba ndi pang'ono n'kumayang'ana nkhope yawo pazenera la khitchini. Ine ndikuti atate sangaonetse, adzamwa n'kuthokoza ngakhale atalakwika, ndipo sitidzadziwa ngati tapeza kapena taphonya mpaka tidzaone kumene adzafikire ulendo winawo. Takangana pang'ono pa zimenezi, ndipo sindikudziwanso amene akulondola. Ndili ndi mantha kuti tingawataye atate pa chinthu chimene amai ankachichita ndi dzanja limodzi, kwinaku akukalipira nkhuku.

Ife ana awo tinagawana zitenje za amai, mbale zawo, ngakhale nyimbo zawo za kutchalitchi timaziimba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimapo pambali pawo m'mawa n'kuyang'ana dzanja lawo likuthira.

Inu amene makolo anu akadali awiri, shuga wa atate anu mukumudziwa?