Shamsa ndi phunziro la kutha msinkhu

Shamsa Abacar wa ku Chiuaula, dera la mumzinda wa Lichinga, anamaliza maphunziro a biyolojiya ku yunivesite, koma dipuloma yake inagona m'sutikesi zaka zingapo. Ntchito kunalibe. Ankakhala pa shopu ya bambo ake mumsika waukulu wa Lichinga kugulitsa nsalu, ndipo amayi oyandikana naye malo ankamuitana kuti dotora, kutanthauza dokotala, mwina momulemekeza, mwina momuseka. Anakwatiwa ndi Masudi, wokonza njinga zamoto, nabereka mwana wamkazi.

Atamva kuti amene ali ndi dipuloma angathe kuphunzira uphunzitsi chaka chimodzi n'kulandira chilolezo chophunzitsa makalasi oyamba a sekondale, analembetsa. Apongozi ake aakazi sanakondwe. Ankati mwana akuleledwa ndi anthu ena chifukwa cha sukulu yosatha. Masudi anangomuuza kuti ayese chaka chimodzicho, koma chikalephereka asadzapemphenso china.

Kumapeto kwa maphunzirowo anamutumiza pa sukulu ina ku Namacula, mumzinda momwemo, kuti akayeserere kuphunzitsa moyang'aniridwa ndi mayi Emelia, mphunzitsi wakale wa pamenepo. Chotsala chinali phunziro limodzi loyesedwa pamaso pa bambo Inocêncio ochokera ku koleji, munthu wa kummwera amene sankamva Chiyao kapena Chinyanja. Ophunzira uphunzitsi onse ankawaopa. Zinkamveka kuti mphunzitsi akatulutsa mwana m'kalasi, kapena akasiya Chipwitikizi n'kuyamba chilankhulo cha kumudzi, iwo amangotseka buku lawo.

Mutu umene unamugwera Shamsa unali wa kutha msinkhu ndi ziwalo zoberekera. Iye anavinidwa ali mtsikana, ndipo ankadziwa kuti zinthu zimenezi sizitchulidwa anyamata ndi atsikana atakhala pamodzi. Anapempha mayi Emelia kuti amusinthire, koma iwo anati mutu umatsata buku, ndipo aliyense wofuna kuphunzitsa biyolojiya adzakumana nawo basi.

Tsikulo kunazizira kwambiri, monga kumachitira mu Juni. Ana anadzaza m'kalasi mpaka ena kukhala pansi, manja atawabisa m'majuzi. Bambo Inocêncio anakhala kumbuyo ndi mayi Emelia. Shamsa anayamba bwino. M'Chipwitikizi mayina a ziwalozo sankamveka olemera, ndipo anawo ankangokopera. Kenako anajambula chithunzi cha ziwalo za mkazi pa bolodi.

Pamzere wakumbuyo panali Gércio, mnyamata wamtali amene anabwereza kalasi kawiri, ndipo anzake ankamuopa. Iye anatchula mokweza dzina lotukwana la chiwalocho m'Chiyao, nafunsa ngati aphunzitsi ajambula chawo chomwe.

Kalasi lonse linaphulika. Anyamata ankamenya madesiki, atsikana anaphimba nkhope ndi makope. Bambo Inocêncio anadzutsa mutu n'kufunsa mayi Emelia chimene chanenedwa, koma mayiwo anangoyang'ana pansi. Shamsa anaima chofulatira ana, atakanikiza choko pa bolodi mpaka chinathyoka. Anaganiza zotuluka osabwereranso. Anaganizanso zomuthamangitsa mnyamatayo, koma anadziwa chimene chikanatsatira.

Anatembenuka, nadikira phokoso litsikeko, kenako analankhula m'Chiyao.

"Gércio, dzina limenelo tonse muno tikulidziwa. Bwera kuno utilembere dzina lake la m'buku."

Mnyamatayo sanasunthe. Shamsa anatambasula dzanja ndi chidutswa cha choko chija, osalibweza. Patapita kanthawi Gércio anaimirira, nayenda pang'onopang'ono mpaka kudzaima pafupi kwambiri ndi iye, akumuyang'ana kuchokera pamwamba. Shamsa sanabwerere m'mbuyo. Mnyamatayo anatenga chokocho n'kulemba, ndipo anaphonya chilembo chimodzi. Wina atayamba kuseka, Shamsa anamuletsa, nakonza chilembocho yekha, namuthokoza Gércio ndi kumuuza kuti akakhale.

Asanapitirize, mtsikana wina wa kutsogolo, Cleide, anakweza dzanja pang'ono. Anafunsa m'Chinyanja, motsitsa mawu, ngati zili zowona kuti mtsikana sangatenge pakati ulendo woyamba. Palibe anaseka. Shamsa anaona atsikana ambiri atatchera khutu, ndipo anayankha m'Chinyanja momwemo kuti ndi bodza, nafotokoza chifukwa chake, kenako anabwereza m'Chipwitikizi. Manja ena anakwera. Belu linalira asanafike ngakhale pakati pa zimene anakonzekera.

Bambo Inocêncio anamuitanira mu ofesi. Anamuuza kuti phunziro silinathe, kuti kalasi linasokonekera, komanso kuti analankhula zilankhulo zimene woyesa sanathe kuzitsata. Kenako anafuna kudziwa chimene mnyamata uja ananena. Shamsa anangoti anamutukwana.

"Nanga bwanji simunamutulutse?"

"Akanatuluka, bambo, anyamata onse aja sakanamvanso chilichonse. Komanso atsikana akanaona kuti nkhaniyi ndi yochititsa manyazi."

Iwo analemba kanthu, namuuza kuti zotsatira akaziwona ku koleji.

Masabata otsatirawo Shamsa anabwerera ku shopu. Apongozi ake ankafunsa Masudi tsiku ndi tsiku ngati nkhani ija yatuluka. Zotsatira zitatuluka, Shamsa anapita yekha osauza munthu. Anapeza kuti wakhoza, ngakhale kuti malikisi ake anali ochepa kuposa a anzake ambiri. Anakhala pansi pa khonde la kolejiyo nthawi yaitali.

Chaka chotsatira anamutumiza ku sukulu ina ya m'boma la Muembe. Amakhala komweko ndi mwana wake m'kanyumba ka aphunzitsi, ndipo Masudi amawayendera pa njinga yamoto Loweruka, msewu ukakhala wabwino. Amaphunzitsa biyolojiya makalasi atatu, ndipo chaka chino amuwonjezera kemisitiri chifukwa mphunzitsi wake anasamuka.