Chitsulo Chimene Ndinkathirira Madzi

Anzanga akamakamba za agogo awo amamwetulira. Ine ndikangomva fungo la utuchi wa mlombwa wopserera pa mpeni, kapena kautsi kowawa m'maso ka mtovu wowotcherera mawaya, ndimawaona agogo anga aamuna, a Ng'uni, atawerama mu shedi yawo yamalata kuseri kwa nyumba yathu pa boma la Chama, magalasi atatsetserekera pansonga ya mphuno, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta, makina awo akulira mpaka nkhuku kuthawira kwa aneba. Ndikawaona choncho mtima umayamba kuwira ngati zachitika dzulo.

Agogo anagwira ntchito yokonza makina ku migodi zaka zambiri. Atapuma ntchito, anzawo anatsegula timagolosale, ena anayamba kulima mpunga. Iwo anadzipangira makina osema matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta. Linali tebulo lachitsulo lokhala ndi timamota titatu tokankha mpeni cham'mbali, kutsogolo ndi pansi, mota ina yozunguza mpeniwo, bokosi la mawaya pakhoma, ndi kompyuta yakale yosowa mabatani awiri. Ukajambula duwa pa kompyuta, mpeni unkalitsatira pa thabwa wokha popanda dzanja la munthu. Sankagulitsa kanthu. Ankasema nsomba, maluwa ndi mayina a anthu, n'kumapachika m'shedimo kuti azidziyang'anira okha. Anthu opita kumsika akaima pawindo kudabwa, agogo ankawauza mawu awo aja osasintha: "Makina sanama. Akalakwitsa, funa munthu."

Makolo anga anamwalira ndili wakhanda, ndipo amene anandilera anali agogo aakazi, a Nyakumwenda. Iwo okha ndi amene ankatha kuwauza amuna awo kuti, "Bambo, apa mwalakwa," n'kupitiriza kusenda mtedza. Anamwalira ndili giredi sikisi. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi munthu amene sanalakwepo chibadwire.

Chaka chotsatira, ndili giredi seveni, abale anapangana zomanga chiliza. Agogo anati dzina la akazi awo silingalembedwe ndi penti ngati la pa shopu. Anali ndi thabwa limodzi la mlombwa, lalikulu, louma bwino, limene linakhala zaka kunsi kwa bedi lawo. Mota yakale inalibe mphamvu yokumba mlombwa mozama, choncho anaitanitsa ina yaikulu kuchokera ku Lusaka. Inabwera pa basi pamodzi ndi kabokosi kake kochepetsera ndi kuwonjezera liwiro. Anaimanga okha, akuimba mluzu, ndipo popeza ankadana ndi zinthu zolendewera, anatenga mawaya onse, aakulu ndi aang'ono omwe, n'kuwamanga mtolo umodzi ndi mphira ya chubu cha njinga.

Kuyambira tsiku limenelo makinawo anachita misala. Ankasema bwinobwino kwa mphindi zingapo, kenaka mpeni n'kulumpha, n'kukalasa pamene sunatumidwe. Agogo anayeza ndi mita yawo yachikasu, anasintha mafyuzi, anawotchereranso polumikiza ponse, anatukwana m'zilankhulo zonse za ku migodi. Pamapeto pake anagamula kuti vuto linali waya wopita pansi, umene amisiri amati ethi, wotaya magetsi osokera m'nthaka. Wayawo unathera pa chitsulo cha mkuwa chimene anakhomera kuseri kwa shedi. Anati dothi la m'chigwa chathu likauma silimeza magetsi, ndiye chitsulocho chizimwa madzi amchere m'mawa uliwonse.

Wothirira anali ndani? Ine, Lusungu. Zigubu ziwiri m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, m'mwezi wa Okutobala, pamene mzere wa pa mjigo unkafika mpaka kumsewu. Khosi linkawawa, madzi ankandidonthera pa yunifolomu, ndipo ineyo ndinkasamba m'kabeseni kamodzi kuti chitsulo chikhute. Amayi a pa mjigo sankandisiya, ankandiseka za chitsulocho.

"Iwe Lusungu, nsimbi ya agogo ako yaphuka manje? Ikabala vipatso utigawileko, tiyesepo kuphika!"

Ndinkaseka nawo kunja kokha. Koma ndikulumbira pamaso pa Mulungu, sindinajombe ngakhale tsiku limodzi. Thabwalo linali la agogo anga aakazi, ndipo ndikanathirira ngakhale mwala atandiuza kuti ndiwo udzakometse dzina lawo.

Loweruka losema thabwalo abale anali atafika kale, chifukwa mwambo wa chiliza unali mawa lake. Azakhali anga a ku Tembwe anali pakhonde akusankha mpunga. Agogo anayesa makina pa kathabwa kachabe, anayenda bwino, ndiye anamanga thabwa lenileni lija pa tebulo. Tonse tinaunjikana pakhomo la shedi. Mpeni unazungulira m'mbali n'kutulutsa maluwa a dzungu, amene agogo aakazi ankakonda kuwathyola m'dimba, utuchi wofiira ukuwaza ngati ufa wa mawere. Unayamba dzina. Utafika pakati unanjenjemera, unamira mozama, n'kudutsa chopingasa kuchokera pa dzina mpaka pangodya, kung'amba maluwa onse. Utsi unatuluka. Agogo anazimitsa, ndipo m'shedimo munangomveka malata akulira ndi dzuwa.

Sanayang'ane bokosi la mawaya. Anayang'ana ine. Anatuluka, anthu onse pambuyo, n'kukagwada pa chitsulo chija. Anapisa chala m'dothi, anatapa pang'ono, analipukusa pamaso pa aliyense. Linagwa ngati phulusa.

"Manzi wathila lelo?"

"Nathila, agogo. Vigubu viwili."

"Manje ali kuti?"

"Yauma na zuwa, agogo. Nathila kuseniseni."

"Boza! Ona agogo ako aakazi, wawang'amba pamenso chifukwa cha ulesi, manje uwonjezelapo na boza."

Inali nthawi ya masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Aliyense wobadwira ku Chama akudziwa kuti ngakhale utathira mgolo wathunthu m'mawa, pofika masana sungapeze chinyezi. Azakhali ankadziwa. Amalume onse amene anaima pamenepo ankadziwa. Koma palibe amene anawatsutsa, poti wamkulu wayankhula. Azakhali okha anayesa ndi mawu otsika: "Atate, mwana ali na mayeso." Agogo anati, "Munthu waboza sinimusunga. Umutenge."

Mayeso a giredi seveni anali atatsala masabata atatu. Tinaika pamanda kachitsulo kolembedwa ndi penti, ndipo Lolemba ndinakwera lole ndi azakhali kupita ku Tembwe, mabuku anga ali m'thumba la shuga. Ndinkawerengabe madzulo aliwonse, ndikudziuza kuti mkwiyo wa agogo utha, abwera. Ndikamva njinga yamoto kutali ndinkathamangira kumsewu, chifukwa iwo anali nayo yofiira. Tsiku limene anzanga analowa m'chipinda cha mayeso, ine ndinali m'munda mwa azakhali, ndikusosa, mwana wawo ali kumsana.

Patatha chaka agogo anatumiza uthenga wa mawu amodzi: abwere. Ndinapeza makina akuyenda bwino, ndipo pamanda panali thabwa latsopano losemedwa mopanda chilema. Sanandiuzenso zothirira chitsulo. Ine ndinkaganiza kuti sakundikhulupiriranso. Pakudya ankakankhira nthuli yaikulu kumbali yanga osandiyang'ana, ndipo tsiku lina ndinapeza pabedi kabokosi ka mapensulo kosemedwa dzina langa. Nkhani ija sanaitchulenso mpaka kufa. Ndinabwereza giredi seveni pamodzi ndi tiana timene tinkanditcha agogo a m'kalasi. Pambuyo pake ndinakaphunzira za magetsi, osati chifukwa chozikonda, koma chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene chinandichotsa pakhomo.

Agogo anamwalira chaka chatha. Azakhali anandiuza kuti ali m'chipatala ananena kuti makina atenge Lusungu. Nditamaliza za maliro ndinalowa m'shedi muja ndi sikuludilaiva kuti ndimasule makinawo. Fungo linali lomwe lija. Chinthu choyamba chimene maso anga a ntchito anaona chinali chakuti mtolo wa mphira uja kunalibe. Waya wa mota yaikulu unkadutsa wokha kumanzere, wokutidwa ndi ukonde wachitsulo, ndipo timawaya tating'ono tonyamula malamulo a kompyuta tinkadutsa kumanja, kutali. Wophunzira aliyense wa chaka choyamba amadziwa chifukwa chake: waya wa mota yotere umataya phokoso la magetsi, ndipo ukagundana ndi timawaya tija, makina amamva malamulo amene palibe wawatuma.

Kenaka ndinatsegula bokosi la pakhoma. Agogo anali ndi chizolowezi cha ku migodi cholemba vuto lililonse ndi pensulo m'kati mwa chivundikiro, tsiku lake ndi mankhwala ake. Fyuzi yakuti, switchi yakuti. Chapakati ndinapeza mzere uwu, m'zilembo zawo zoongoka ngati asilikali: "Kulumpha kwa mpeni. Mawaya ndinamanga pamodzi. Ndasiyanitsa, zatha. Si madzi."

Ndinawerenga tsiku limene analemba pambali. Tsiku la chiliza palibe wa m'banja mwathu angaliiwale, ndiye kuwerengera sikunavute. Anapeza vutolo patangopita masiku asanu ine nditakwera lole ija.

Ndinakhala pansi pa utuchi, ndinalira, koma sikunali kulira kwa maliro. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa anagonera zaka zonsezi m'bokosi, ndipo ndinawapeza owawa kuposa tsiku loyamba. Azakhali nditawawonetsa anati, "Mwana wanga, kumeneko ndiye kunali kupepesa kwawo. Anakusiyila makina kuti ukapeze." Mwina. Koma munthu amene anatha kundiyalutsa pamaso pa mtundu wonse anali ndi pakamwa pokwanira kunena mawu awiri aja, si madzi, ine ndikumva. Anasankha kuuza chivundikiro.

Makinawo ali kwanga ku Chipata tsopano, ndipo amayenda bwino. Chivundikiro sindinachibwezere. Ndinachipachika pamwamba pa tebulo langa la ntchito, ndipo makina a munthu akalakwitsa, ndimayamba ndayeza mawaya amene ndalumikiza ndekha ndisanatsegule pakamwa. Ena akachiona amati ndimawasowa agogo. Sindiwatsutsa, chifukwa masiku ena ndi zoona. Koma ndikayang'ana tsiku lija lolembedwa ndi pensulo, ndimawerengeranso, ndipo yankho silisintha. Kuchokera pa boma kupita ku Tembwe ndi ulendo wosakwana tsiku. Mayeso anali asanayambe. Agogo anali ndi njinga yamoto yofiira, ndiponso masabata awiri athunthu.