Chaka Chimene Verlin Anasiya Kukumba Manda

Mlongo wanga Verlin Sizemore anakumba manda oposa makumi asanu ndi limodzi m'chigwa chathu chino cha Tolliver, ndipo palibe ngakhale amodzi amene bokosi linakana kulowa. Manda a kwathu ali pamwamba pa mapiri, banja lililonse kaphiri kake, kumene katapila, makina okumbira aja, safika. Munthu akatisiya, adzukulu ndi anansi omwewa, piki ndi fosholo paphewa. Kale ankabwera amuna khumi. Koma anyamata anathawira ku Ohio, otsalawo misana inathera mumgodi, ndiye kwa zaka zambiri mdzukulu anali Verlin yekha.

Ndimamuposa ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinamulera ndine mayi athu atayamba kudwala. Anali mwana waphokoso, wosadziwa kutseka pakamwa ngakhale m'tchalitchi. Analowa mgodi wa malasha tsiku limodzi ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Dewey Ratliff, ndipo anagwira limodzi zaka makumi awiri. Tsiku lina denga la mgodi linagwa, mwala n'kupsinja Dewey. Verlin anatsekeredwa naye m'kamphako maola khumi ndi limodzi. Dewey anamwalira pa ola lachitatu. Za maola enawo mlongo wanga sanandiuzepo, inenso sindinamufunse.

Anatuluka wopanda bala, ndipo tsoka lake linali limenelo. Akanaduka mwendo, bwenzi aliyense akuona. Koma iye anabwera ndi miyendo yonse iwiri, kungoti tulo analibenso, ndipo sankapirira kukhala pansi pa denga pamodzi ndi anthu. Anazula chitseko cha kuchipinda kwake. Kusitolo ankasiya katundu pamzere n'kuthawira panja. Anayesa ntchito yomata matayala, anatha masiku asanu ndi anayi. Kumalo ochekera matabwa anamupeza pansi pa lole akunjenjemera. Mkazi wake anapirira zaka zitatu n'kulongedza, ndipo sindimuda. Verlin anasamukira m'nyumba yakale ya mayi athu, pafupi ndi yanga, n'kukhazikika pakhonde.

Manda oyamba kukumba yekha anali a Dewey, ngozi ija itangochitika. Ndinamupeza ali m'dzenje lomufika m'khosi, ndinachita mantha.

"Iwe, mukatimo ukukhalamo bwanji?"

"Achemwali, dzenje ili lilibe denga," anatero akuloza kumwamba.

Kuyambira pamenepo, kukagwa maliro ankalawirira kuphiri ndi piki, fosholo ndi ndodo yake yoyezera. Ankakumba yekha, makona ooneka ngati wachita kudula ndi mpeni. Pamwambo wa maliro sankakhalapo, galimoto ya bokosi ikamafika iye n'kuti atatsika kale. Koma madzulo ake ankadya mbale ziwiri za nyemba ndi chigumu, n'kugona tulo tofa nato mpaka m'mawa. Sabata yonse yotsatira ankakhala munthu, mwinanso kundiseka kuti khofi wanga ndi madzi otsukira mbale. Sankalipiritsa. Malipiro ake anali mawu othokoza amene anamfedwa amalembetsa m'nyuzipepala ya kuno, otchula amene anabweretsa chakudya, amene anaimba, ndi amene anakumba. Ine ndinkadula timapepala timeneto n'kumasunga m'chitini cha mabisiketi.

Mwamuna wanga atamwalira, kapenshoni kanga kanayamba kulephera kudyetsa nyumba ziwiri ndi kugula mankhwala a Verlin. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, ndipo funso limene linkandisowetsa mtendere linali limodzi: ine ndikadzapita, uyu adzadya chiyani? Tinakapempha ndalama zimene boma limapereka kwa anthu amene matenda awalepheretsa kugwira ntchito. Anatitumizira mafomu, ena oti ndilembe ine monga wachibale. Apa m'pamene ndinachita chopusa chimene ndidzapita nacho kumanda. Ndinkaopa kuti anthu a m'maofesiwo aziti ife a Sizemore ndife alesi opemphetsa. Ndiye ndinalemba kuti mlongo wanga ndi munthu wolimbikira, wodalirika, ndipo ndinamatirapo timapepala khumi ndi tinayi ta m'chitini muja kuti adzionere okha.

Anadzioneradi. Dokotala wawo anacheza naye mphindi khumi ndi zisanu, kumufunsa tsiku la mwezi ndi kumuwerengetsa manambala chobwerera m'mbuyo, Verlin ataima pakhomo. Kalata inabwera yotikaniza, yoti munthu wokumba dzenje la mamita awiri pathanthwe angathe kugwira ntchito yolemetsa iliyonse. Zoti munthuyo sangalowe m'sitolo kukagula mchere sanazione.

Tinapita kwa loya Royce Pruitt, amene nkhope yake ili pachikwangwani pafupi ndi mlatho, mano onse pamtunda. Anatsegula fayilo, n'kunyamula timapepala tanga tija ndi zala ziwiri ngati wagwira thewera.

"Mayi, anakuuzani ndani kuti mutumize izi?"

"Palibe. Ndimafuna adziwe kuti si mlesi."

"Ndiye adziwa kumene. Mwamuwombera phazi mlongo wanuyu." Ankayankhula ndi ine, ngati Verlin, amene anaima atagwira chitseko kuti chisatsekeke, ndi mpando. "Tamverani. Mlandu wa matenda a maganizo ulibe chithunzi cha fupa lothyoka. Chithunzi chake ndi moyo wa munthuyo. Kuyambira lero fosholo asaigwirenso. Kapinga asatchetche. Munthu akamujambula asaseke. Azipita kuchipatala mwezi uliwonse, akafunsidwa azinena za tsiku loipa, osati labwino."

"Mpaka liti?"

"Mpaka tikaonekere kwa woweruza. Chaka ndi theka, mwina ziwiri."

Verlin anayankhula ali pakhomo pomwepo. "Nanga anthu akamwalira?"

"Bambo, anthu anayamba kumwalira inu musanabadwe. Aikidwa ndithu."

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti Pruitt anali wabodza. Sanali. Ntchito yake ankaidziwa, ndipo zonse zimene ananena za maofesi aja zinali zoona. Chimene chimandinyansa kwambiri n'chimenecho. Munthu akadwala chifuwa amamuuza kuti amwe mankhwala. Mlongo wanga anamuuza kuti asiye mankhwala okhawo amene ankamuthandiza, kuti adwale mooneka bwino.

Anamvera. M'miyezi makumi awiri kunagwa maliro anayi, ndipo anamfedwa onse anafika pakhonde lake, chipewa m'manja. Wowabweza ndinali ine. Maliro n'kulirana, anthu sanamvetse, ndipo m'tchalitchi ndinayamba kumva manong'onong'o oti Verlin wakula mtima, akudikira ndalama za boma. Iye anangokhala pampando wake, ndevu kumera, lamba kumaboola mabowo atsopano. Mbale ya nyemba ndinkaitenga mmene ndinaisiyira. Ndikadandaula kwa mlembi wa Pruitt, ankati, "Pepani mayi, koma muzilemba zonsezo, ndi umboni wabwino."

Munthu mmodzi yekha sanasiye kumuyendera, mayi Oma Ratliff, amake a Dewey. Lamlungu lililonse ankabwera ndi ndodo yawo, n'kukhala naye pakhonde osayankhula zambiri. Kalekale anali atamuuza, ine ndikumva, kuti, "Mwana wanga, ukadzandigoneke pafupi ndi Dewey, ndipo dzenjelo udzakumbe ndiwe. Sindikufuna kukagona mokhota." Verlin anavomera.

Mayi Ratliff anamwalira kutatsala masabata atatu kuti tikaonekere kwa woweruza.

M'mawa mwake ndinamva tupa ikulira. Nditasuzumira, ndinaona Verlin akunola piki, ndevu atameta, khofi ali pambali. Kwa miyezi makumi awiri ndinali ndisanamuone ataima mowongoka chotero. Ndinathamangira pafoni n'kumufotokozera mlembi uja zonse, za Dewey, za lonjezo. Anandidikiritsa pang'ono n'kubwera ndi yankho la abwana ake: "Akuti akangokumba, mubwere mudzatenge fayilo yanu."

Verlin atalowa m'nyumba kukavala jombo, ndinanyamula piki, fosholo ndi ndodo ija, n'kuzitsekera kumbuyo kwa galimoto yanga. Ndinapita m'tauni n'kukaima panja pa sitolo mpaka masana, osagula kanthu. Akanatha kubwereka zida kwa anansi, koma kugogoda pakhomo la munthu kunamukanika kalekale, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Nditabwerako ndinamupeza pakhonde, jombo zili kuphazi.

"Ndinawalonjeza, achemwali."

"Ndikudziwa. Koma akufa sadya, Verlin. Iwe umadya."

Anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za jombo.

Amene anakumba mandawo ndi zidzukulu za mayi Ratliff zochokera ku Ohio, anyamata abwino a manja ofewa. Atakumana ndi thanthwe analizemba, dzenje n'kumka lichepa kunsi. Potsitsa bokosi, linagwira cha kumapewa n'kupendekeka, tinamva thupi likusuntha mkati. Analitulutsanso n'kuliika paudzu, amuna n'kuyamba kusema ndi zimene anapeza, ife tikubwereza nyimbo imodzi katatu. Phiri la a Ratliff layang'anizana ndi khonde la Verlin. Nditacheuka ndinamuona kutsidyako ataima, atagwira mzati.

Tsiku la mlandu anatilowetsa m'kachipinda kopanda zenera. Woweruza anali mumzinda wina, ife tinkangomuona pakanema. Pruitt anafika kutatsala mphindi khumi, n'kumupatsa moni mlongo wanga pomutchula molakwitsa kuti Vernon. Chitseko anati chiyenera kutsekedwa. Pasanathe mphindi zisanu malaya a Verlin anali atanyowa ndi thukuta, bondo likugunda kunsi kwa tebulo. Pruitt anandinong'oneza kuti, "Zikuyenda bwino zimenezi."

Woweruzayo anali mayi waulemu, wooneka wotopa. Anatulutsa timapepala tanga tija n'kufunsa ngati bambo Sizemore akukumbabe manda. Pruitt anakonza tayi.

"Wolemekezeka, matenda akula kwambiri. Masabata atatu apitawa kunamwalira mayi a mnzake amene anafera m'manja mwake mumgodi. Anali atawalonjeza kuti adzawakumbira manda. Tsikulo litafika, bamboyu analephera ngakhale kunyamula fosholo."

Nkhani imene ndinaifotokoza pafoni ndikulira, anali ataisunga kuti adzaiphike lero. Woweruza anavula magalasi.

"Ndi zoona, bambo Sizemore, kuti simunakumbe?"

Verlin sanayang'ane kanema. Anayang'ana ine. Ndinali nditalumbira kunena zoona mphindi zochepa m'mbuyomo, ndipo zida zija zinali zikadali m'galimoto yanga panja. Ndinayang'ana pansi.

"Ndi zoona," anatero. "Sindinakumbe."

Tinapambana. Kalata inabwera patatha masabata asanu ndi limodzi. Pruitt anatenga gawo lake monga mwa pangano, n'kutitumizira kalendala yokhala ndi nkhope yake, imene ndinayatsira moto. Sindinama, ndalamazo zimathandiza. Mankhwala alipo, magetsi sadulanso, ndipo ndikadzafa mlongo wanga sadzagona ndi njala. Chimene ndinkafuna ndinachipeza chonse.

Tsiku lomwe kalata inafika ndinatulutsa zida zija, ndinapukuta dzimbiri ndi mafuta, n'kupita nazo pakhonde lake.

"Kwatha, Verlin. Nazi zida zako."

Anaziyang'ana osatambasula dzanja. Kenako anatenga kalata ija n'kundilozera ndime ya kumapeto, imene ine m'chisangalalo changa sindinaiwerenge. Inati adzamuunikanso pakapita zaka zitatu kuti aone ngati wachira, ndipo adzapitiriza kutero.

"Ndiye ndizikhala chonchi," anatero.

"Ukhoza kumakumba mwakachetechete. Tiwauza anthu asamalembe m'nyuzipepala."

"Mwaiwala kuti ndinauza woweruza kuti sindingathe? Mukufuna ndikhale wabodza kawiri?"

Ndinayesa nthabwala, monga timachitira ife a Sizemore zikatithina. "Nanga ine ndikadzafa, adzandikumbira ndani pafupi ndi mayi?"

Verlin anapinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya.

"Mukagule malo kumanda a m'tauni, achemwali. Kumeneko katapila amafika."